Makina osefa uthenga azitifunsa ife, asamangowerenga zomwe chala chadina

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za nkhani yomwe sindimaiona kawirikawiri mu nyuzipepala koma ikukhudza aliyense amene ali ndi foni ya intaneti, nkhani ya makina amene masiku ano akumatisankhira zoti tiwerenge ndi zoti tisazione. Ine ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pano pa boma pa Mangochi, nde tsiku lonse ndimangokhalira zikalata za anthu basi. Uyu akufuna ndimutsegulire imelo aone ngati amuyankha komwe anafunsira ntchito, uyu ndi mlembi wa komiti ya asodzi wabwera ndi chikalata mu foni akufuna chipulintidwe, winayo ndi mphunzitsi wachokera ku Namwera akusaka kalata yomwe anzake onse alandira koma iye sakuiona. Ndipo zambiri zomwe anthu amati sizinabwere zimakhala kuti zinabwera bwinobwino, kungoti zakwiririka pansi pa mulu wa zinthu zina kapena makina anaziponya ku spam, komwe imelo imataya makalata omwe ikuwaona ngati achinyengo kapena osafunika, mwini wake osadziwa.

Uthenga sukusowa ayi, wachita kuchuluka mpaka kukwana. Munthu mmodzi ali m'magulu a WhatsApp osawerengeka, la kutchalitchi kapena kumzikiti, la banki mkhonde, la maliro a kumudzi, la anyamata omwe ali ku Joni, kuwonjezera apo Facebook, TikTok, imelo, ndi mameseji a malonda omwe amangolowa usiku ndi usana. Palibe angawerenge zonsezo. Ndiye kusefa nkofunika, ine sinditsutsa zimenezo, ndipo amene amati makinawa angochotsedwa sanaonepo imelo ya munthu amene sanaitsegule miyezi ingapo. Funso langa ndi lakuti sefayo ikuphunzira kwa ndani, ndipo ikuphunzira chiyani za ife.

Anthu ambiri kuno amaona ngati ndi matsenga, ena amati foni imatimvetsera tikamacheza. Koma maziko ake ndi kuwerengera chabe. Tiyerekeze muli ndi milu iwiri ya makalata, mulu wa omwe munawafuna ndi mulu wa omwe munataya. Kompyuta imatenga liwu lililonse nkuwerenga kuti lapezeka kangati mu mulu uwu, kangati mu mulu winawo. Liwu lomwe limapezeka kwambiri m'makalata otayidwa limapatsidwa mbiri yoipa, lomwe limapezeka m'makalata ofunika limapatsidwa mbiri yabwino. Kalata yatsopano ikafika imayesedwa ndi mawu ake, mamakisi nkuphatikizidwa, akapitirira mlingo wina kalatayo imalowa, akapanda kufika imakankhidwira kumbali. Kenako inu mukati ayi apa walakwitsa, manambala aja amasintha pang'ono. Kuphunzira komwe amakunenako nkomweku, palibenso china chodabwitsa.

Ndipo si nzeru ya dzana. Mu 1958 mkulu wina wa ku kampani ya IBM, Hans Peter Luhn, analemba kale za makina oti azisunga zokonda za wantchito aliyense nkumamutumizira zikalata zogwirizana ndi ntchito yake, ndipo munthuyo azibweza yankho ngati chikalatacho chamuthandiza kapena ayi kuti makinawo azikonza zomwe akudziwa za iye. Mu 2002 katswiri wina wa za kompyuta, Paul Graham, anatchukitsa njira yowerengera mawu ija polimbana ndi spam, pogwiritsa ntchito masamu a Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene anamwalira mu 1761. Graham ananena kuti sefa yake inkaphonya ma spam osakwana 5 pa 1,000 alionse popanda kutaya kalata yabwino olo imodzi, koma chomwe ine chimandigwira mtima pa zomwe anachita ndi chakuti ankalimbikira kuti aliyense akhale ndi sefa yakeyake yophunzira pa makalata ake, chifukwa liwu lomwe kwa ine ndi chizindikiro cha akuba kwa inu mwina ndi liwu la pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Gmail nayo mu 2010 inabweretsa Priority Inbox yomwe imaona makalata omwe mumatsegula ndi omwe mumayankha nkumaika ofanana nawo pamwamba. Taonani kuti mu zonsezi munthu anali ndi mawu, ankatha kuuza makina kuti ichi eya ichi ayi.

Apa mpomwe pali nkhani yanga yeniyeni. Pali njira ziwiri zomwe makina angadziwire zofuna zanga. Yoyamba nkundifunsa ine nkuyankha ndi pakamwa panga, titero kunena kwake. Yachiwiri nkungondizonda, kuona chomwe ndadina, pomwe chala chaima ndikamatsitsa, vidiyo yomwe ndaonera mpaka kumapeto. Makampani amakonda yachiwiriyi chifukwa anthufe ndife aulesi podina mabatani oyankha, komanso kuzonda kumawapatsa manambala ochuluka mwaulere. Koma chomwe chala chadina ndi chomwe munthu akufuna pamoyo wake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Eni akewo amadziwa zimenezi, YouTube mu 2012 inasiya kudalira kwambiri kuchuluka kwa odina vidiyo nkuyamba kuona nthawi yomwe anthu aionera, chifukwa mitu yabodza yokopa inkadinidwa kwambiri anthu nkuthawamo msanga. Komabe olo nthawi yoonerayo siyinena zoona zonse. Munthu akhoza kuonera ndewu ya pamsika mphindi khumi pakamwa pali yasa, sizitanthauza kuti mawa akadzuka akufuna ndewu ina.

Nde bwerani nazo kuno kwathu muone mmene zimasokonekera. Kuno munthu amadina malinga ndi bandulo yomwe ali nayo. Kachithunzi ka nthabwala nkopepuka, amakatsegula pompo. Chikalata cha PDF cha masamba makumi atatu chonena za ngongole za magulu a amayi kapena mndandanda wa ana osankhidwa kupita ku sekondale amachisiya kaye, akuti ndidawuniloda ndikagula bandulo ina kapena ndikafika pomwe pali netiweki yabwino, pena amabwera nacho kwa ife a m'mashopu kuti timutsegulire pa kompyuta. Kwa makina aja zikuoneka bwanji? Zikuoneka kuti munthuyu amakonda nthabwala ndipo zikalata alibe nazo ntchito. Mawa amamupatsa nthabwala zambiri, zikalata nkuzitsitsa pansi, iye nkudinanso nthabwala poti ndi zomwe zili pafupi, makina nkuti mwaona ndinalondola. Mapeto ake umphawi wa bandulo ukuwerengedwa ngati khalidwe la munthu. Msodzi wa ku Makanjira komwe netiweki imachita kusakidwa sangafanane kadinidwe ndi munthu wa mu ofesi ku Lilongwe amene ali pa WiFi tsiku lonse, olo onsewo atakhala kuti akufuna nkhani imodzimodzi.

Chinanso, makinawa anapangidwa ndi maganizo oti foni imodzi ndi munthu mmodzi. Kwathu kuno ayi. Foni ndi ya bambo masana, madzulo ili ndi mayi akuona mitengo ya zitenje ndi maulaliki, usiku mnyamata wa Fomu 3 waitenga akuonera mpira wa ku England ndi magule, Loweruka mlamu wabwereka kuti alowe pa Facebook yake nkuiwala kutulukamo. Tsono sefa ikuphunzira munthu uti pamenepa? Ikupanga chimunthu chimodzi chosakanikira chomwe kulibe, nkumachitumikira mokhulupirika pomwe anthu enieni anayi a m'nyumbamo palibe akuthandizidwa.

Komanso zofuna zathu zimayenda ndi nyengo. Mwezi wa Juni ndi Julaye munthu wa kunyanja chomwe akufuna kumva kaye ndi chenjezo la mwera kuchokera ku nthambi yoona zanyengo, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya moyo ndi imfa kwa amene ali pa bwato. Kumapeto kwa chaka akufuna za kutseka kwa nyanja ndi mitengo ya feteleza, zotsatira za MSCE zikayandikira nyumba yonse maso ali komweko, zikangotuluka basi nkhaniyo yatha mpaka chaka chamawa. Sefa yomwe siyiiwala imakakamira zakale, mwana analemba mayeso kalekale koma iyo ikubweretsabe za mayeso. Yomwe imaiwala msanga nayonso ndi vuto, mwera ukadzabweranso imakhala ngati sinamvepo. Yabwino ndi yoti izidziwa kuti pali zokonda za masabata awiri, pali za chaka ndi chaka, pali zokhalitsa, ndipo njira yachidule yodziwira nkumufunsa mwini wake.

Za chiyankhulo ndingokhudzako pang'ono poti nazo zili ndi mbali yake. Sefa yowerengera mawu imadalira kuti liwu likhale lomwelo nthawi zonse, koma Chichewa chathu chimamatirira zinthu kutsogolo ndi kumbuyo, tumizani, munditumizire, ndakutumizirani, kwa kompyuta yosaphunzitsidwa amenewa ndi mawu atatu osadziwana. Wogulitsa usipa akaiuza kuti ndikufuna nkhani za mtengo imubweretsera za kudzala mitengo m'phiri. Onjezani kalembedwe kathu ka pa foni kodula mawu, kusakaniza Chingerezi, ndipo kuno ku Mangochi meseji imodzi imayamba m'Chiyao nkuthera m'Chichewa. Google Translate inayamba Chichewa mu 2014, chabwino, koma kumasulira chiganizo cholembedwa bwino ndi kuzindikira meseji ya wakuba yolembedwa mwachidule ndi ntchito ziwiri. Nchifukwa chake mameseji aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena oti mwawina mphoto imbani msanga, amangolowa ngati kwawo pomwe kalata yeniyeni ya Chingerezi yochokera ku bungwe laling'ono ikukathera ku spam.

Ndipo kulakwitsa kuwiriku sikofanana kulemera kwake, apa ndikufuna amene amapanga zinthuzi amve bwino. Ife a kunyanja timadziwa za maso a ukonde. Ukonde wa maso ang'onoang'ono ngati uja wa udzudzu umakokolola zonse ndi tiana ta chambo tomwe, wa maso akulu kwambiri umangodutsitsa nsomba nkubwerako chimanjamanja. Sefa ya spam ikathina kwambiri imagwira ndi makalata abwino omwe, ikamasuka kwambiri zinyalala zimadutsa, ndipo palibe mlingo womwe ungathetse zonse ziwiri, umangosankha kuti ukufuna kulakwitsa mbali iti. Tsono chinyalala chimodzi chikadutsa ndataya chani? Masekondi awiri ochifufuta. Koma kalata yabwino ikagwidwa? Mtsikana wina anabwera pa shopu panga akudandaula kuti komwe anafunsira ntchito sakumuyankha, titatsegula ku spam tinapeza kalata yomuitana ku intavyu, tsiku lake litadutsa kale. Sanalire, anangokhala chete nkufunsa kuti ndilipira zingati, ine ndalama yake sindinalandire. Makina sankadziwa kuti kwa mtsikana ameneyu mwezi umenewo panalibe kalata ina yofunika kuposa imeneyo, ndipo sakanadziwa poona kadinidwe kake chifukwa imeloyo anali atangoitsegula kumene pofuna ntchito yomweyo, analibe mbiri iliyonse yoti aphunzirepo. Funso limodzi lokha pa tsiku lotsegula akaunti, loti kodi mukudikira makalata otani, likanamupulumutsa.

Vuto la munthu watsopano wopanda mbirili akatswiri amalidziwa, ndipo njira imodzi yomwe anapeza nkubwereka maso a anthu ena. Mu 1992 ku Xerox PARC, malo a kafukufuku a kampani ya Xerox ku America, anapanga pulogalamu yotchedwa Tapestry yomwe inkalola anthu kuika ndemanga pa zikalata zomwe awerenga, wina nkumasefa potengera ndemanga za anzake omwe amawakhulupirira. Ine ndikaiganizira imeneyi ndimaona kuti ikugwirizana ndi mmene timakhalira kale. Mlembi wa komiti ya kugombe akati chikalata ichi nchofunika, asodzi onse a dera lakelo chiwafikire pamwamba. Anthu makumi awiri a ku Monkey Bay akati nambala iyi ndi ya akuba, wa ku Malindi asadikire kuti naye aberedwe kaye. Koma zikhale zoti ndikudziwa kuti ndikutsatira maso a ndani, osati zomwe zilipo pano zoti amangokuphatikiza ndi anthu osawadziwa ati chifukwa mumadina zofanana, nkupezeka gulu lonse likukokedwa ndi amene ali ndi phokoso kwambiri.

Tsono Akonzi, chomwe ndalembera kwa inu osati kwa azungu a makampani akuluakuluwo, omwe kalata yangayi sadzaiona nkomwe, ndi chakuti inu a nyuzipepala muli ndi mwayi wochita bwino pomwe iwo akulephera. Nyuzi ya pepala kuno imathera pa boma ndi m'malo ochepa a m'mbali mwa msewu, kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi kupita ku Chiponde kapena ku Makanjira ambiri amaiona pa foni basi, ndipo ikabwera yonse ngati chifayilo chimodzi cholemera munthu amaganiza kawiri asanaitsegule. Bwanji osalola owerenga anene okha kuti ine ndine wa ku Mangochi, ndikufuna za usodzi, za mwayi wa ntchito za uphunzitsi ndi zaumoyo, za khonsolo yathu, za mpira pang'ono, nkumamutumizira mitu yokha m'mawu opepuka opanda zithunzi, iye nkusankha yoti atsegule? Pansi pa nkhani iliyonse pakhale poyankha kuti yandithandiza kapena ayi, ndipo yankho limenelo lizilemera kuposa kudina. Munthu azithanso kufunsa kuti nkhani iyi mwandipatsa chifukwa chani, nkuuzidwa kuti chifukwa munati mukufuna za usodzi, kuti ngati makina amumva molakwika awakonze pompo. Azitha kuona mndandanda wa zomwe makina akuganiza kuti amakonda nkufufuta zomwe anaikamo ndi mlamu uja. Foni imodzi izilola mayina awiri atatu. Izi sizofuna ndalama za dziko lonse ayi, masamu ake ndi akale ndawatchula kale aja, ndipo ana athu a ku MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni omwe akuphunzira za kompyuta akhoza kuipanga ngati pulojekiti yomalizira sukulu, makamaka mutawapatsa nkhani zanu zakale za m'Chichewa kuti makina aphunzirepo chiyankhulo. Nkhokwe imeneyo muli nayo ndinu, makampani akuluakulu aja a ku California alibe.

Koma ndichenjezeretu, musadzasefe zonse. Pali nkhani zomwe palibe amazipempha koma aliyense akuyenera kuzimva. Ndani akanalemba kuti ndimakonda nkhani za kolera chaka cha 2022 chisanafike? Komatu mliri uja wa 2022 mpaka 2023 Mangochi inali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 naye sanali pa mndandanda wa zokonda za munthu aliyense. Ndiye pakhale kagawo komwe mkonzi, munthu wamoyo, waika ndi dzanja lake nkuti izi muwerenge olo simunazifune, kuphatikizapo nkhani za chipani chomwe munthuyo sachikonda, chifukwa sefa yongokupatsa zokukomera imakusiya ukuganiza kuti dziko lonse likugwirizana nawe, tsiku la zotsatira za chisankho nkumadabwa. Ntchito imeneyi ndi yanu ndipo makina asakulandeni.

Kwinaku nkwa chinsinsi. Mndandanda wa zomwe munthu amawerenga umaulula zambiri, matenda ake, ngongole zake, chipembedzo, ndale. Ena amati tikachotsa dzina basi zatha, koma kampani ya mafilimu ya Netflix itatulutsa zomwe makasitomala ake ankakonda mu 2006, pa mpikisano wake wa 1 miliyoni dolazi wofuna kukonza makina ake osankhira anthu mafilimu, mayina anali atachotsedwa, komabe ofufuza a ku University of Texas anaonetsa kuti ena mwa anthuwo akhoza kuzindikirika pofananitsa ndi zomwe analemba poyera pa intaneti. Nanga kuno komwe mudzi wonse umadziwana? Mukangoti mayi wa zaka zakutizakuti wa ku Koche amene amawerenga za matenda akutiakuti, anthu amuloza kale. Tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024 ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woliyang'anira, nde aliyense wopanga sefa yotereyi ayambire pamenepo. Kwa ine bola zomwe makina aphunzira za munthu zizikhala mu foni yake momwemo, osati pa kompyuta ya kampani, ndipo akafuna kuzifufuta zizifufutika zonse tsiku lomwelo, zisamagulitsidwe kwa a malonda kapena a ndale nthawi ya kampeni.

Podikira zonsezi, anzanga owerenga makamaka amene mwafunsira ntchito kapena malo a sukulu, muzitsegula ku spam kamodzi pa sabata, ku Gmail zomwe zili kumeneko zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Mukapezako kalata yabwino musangoiwerenga nkutuluka, dinani pomwe palembedwa kuti Not spam, kudinako ndiye kuphunzitsa kwake, ndipo adiresi ya komwe mukudikira yankho muisunge m'ma contacts. Yachinyengo musangoifufuta, ipangeni lipoti kuti ndi spam. Onaninso ku Promotions, komwe Gmail imaika makalata a malonda, chifukwa makalata a mabungwe amakonda kubisala kumeneko. Amene zikukuvutani pitani pa shopu iliyonse yotayipa yomwe muli nayo pafupi akuonetseni, sizitenga mphindi zisanu, koma mukamaliza muzikumbukira kutuluka mu akaunti yanu pa kompyuta ya eni ake.

Ndine wowerenga wanu,
Wa kashopu kotayipa, Mangochi boma